Kuyenda ndi makolo achikulire pa sitima za ku Ulaya: pasi ya Eurail ndi zofunika kusamala

Funso: Ndimakhala ku Leeds, ku Britain. Bambo anga a zaka 68 ndi mayi a zaka 64 akubwera kuchokera ku Zomba chaka chamawa kudzandichezera. Ndikufuna ndidzayende nawo pa sitima kwa milungu iwiri, tione mayiko 8 kapena 9 a ku Ulaya. Mayi amalakalaka atafika ku Roma. Bambo ali ndi matenda a shuga, ndipo mayi mawondo amawavuta. Ndamva kuti pali tikiti imodzi yokwerera sitima zonse. Ndigule iti, ndipo ndisamale chiyani?

Yankho: Ulendowu ndi wotheka, ndipo kwa anthu a msinkhu wa makolo anu sitima imaposa ndege ndi basi. Munthu amatha kuimirira n'kuwongola miyendo, chimbudzi chimakhala pafupi, ndipo mumatsikira pakatikati pa mzinda. Koma za mayiko 9 pa milungu iwiri, zimenezo zisiyeni. Munthu wachikulire satopa ndi kukhala m'sitima maola anayi. Amatopa ndi kulongedza chikwama m'mawa uliwonse, kukwera masitepe, kusakasaka pokwerera, kenaka kusakanso hotela madzulo ali ndi njala. Malo ogona 5 kapena 6 akwana, ndipo malo amene akufunitsitsa kuona mugoneko masiku atatu kapena anayi.

Tikiti imene mwamvayo imatchedwa pasi, koma musathamangire kuigula. Yambani ndi viza, kenaka mugwirizane za njira, pasi ibwere pomaliza.

Makolo anu akufunika maviza awiri osiyana. Ya Britain sigwira ntchito ku France kapena ku Italy. Kumeneko kumafunika viza ya Schengen, imene imalola munthu kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo imagwira ku Belgium, Germany, France, Italy komanso Switzerland, ngakhale kuti Switzerland sili mu European Union. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa: amaganiza kuti makolo akafika ku Britain adzapemphera viza ya Schengen komweko. Lamulo ndi loti munthu apemphe kudzera ku ofesi ya kazembe imene imasamalira dziko limene amakhala. Choncho bambo ndi mayi apemphe asananyamuke ku Malawi. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6 kuti ulendo uyambe, mtengo wake ndi ma euro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo amafuna inshulansi ya zaumoyo yotha kulipira ma euro 30,000. Viza imapemphedwa ku dziko limene mukagoneko masiku ochuluka. Pa inshulansiyo muulule matenda a shuga a bambo, chifukwa kampani ikadzapeza kuti munabisa matenda akale imatha kukana kulipira. Inunso ngati mudakali ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichilowetsa ku France. Mufunika viza yanu, yopempha ku Britain komweko.

Tsopano pasi. Pali mayina awiri, Eurail ndi Interrail, ndipo sitima zake ndi zomwezo. Chimasiyanitsa ndi kumene munthu amakhala, osati mtundu wa pasipoti. Interrail, imene inayamba mu 1972, ndi ya anthu okhala ku Ulaya, Britain yomwe. Eurail, ya 1959, ndi ya anthu okhala kunja kwa Ulaya. Ndiye kuti makolo anu mudzawagulira Eurail, inu mudzagula Interrail, ndipo mudzakhala mipando yoyandikana popanda vuto. Ya mayiko ambiri imatchedwa Global Pass ndipo imagwira m'mayiko 33. Munthu amene wakwanitsa zaka 60 pa tsiku loyamba la pasi amachotseredwa 10 peresenti, choncho onse awiri muwasankhire ya Senior.

Kusiyana kumodzi kokha ndiko kukukhudzani. Pasi ya makolo anu imagwira pa sitima za ku Britain tsiku lililonse la ulendo limene angasankhe. Yanu ya Interrail imagwira m'dziko lanu lokhalamo masiku awiri okha, lotulukira ndi lobwererera. Mukachoka ku Leeds Lolemba n'kugona ku London, kenaka Lachiwiri n'kukwera Eurostar, sitima yodutsa pansi pa nyanja kuchoka ku London kupita ku Brussels kapena ku Paris, masiku awiriwo atha, ndipo pobwerera mudzagula tikiti yapadera. Ngati mugona ku London, gulani tikiti wamba ya Leeds–London, tsiku la pasi mulisungire Eurostar.

Mapasi alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a masiku otsatizana, monga 15, 22 kapena mwezi wathunthu. Ena ndi a masiku odumphadumpha: 4, 5 kapena 7 m'mwezi umodzi, 10 kapena 15 m'miyezi iwiri. Otsatizanawo amakomera achinyamata amene amakwera tsiku ndi tsiku. Munthu wachikulire akagula yotere amayamba kudzikakamiza kukwera kuti ndalama isapite pachabe, ndipo ndi pamene ulendo umasanduka ntchito. Kwa inu ya masiku 7 m'mwezi umodzi ndiyo yoyenera. Tsiku la ulendo limayamba 12 koloko usiku mpaka 12 koloko usiku wotsatira, ndipo pa tsikulo mukhoza kukwera sitima zambiri mmene mungafunire. Pa pasi ya Senior ya kalasi yachiwiri, tsiku limodzi limagwera pafupifupi ma euro 50. Nambala imeneyi muisunge m'mutu. Ulendo waufupi umene tikiti yake wamba ndi ma euro 15 kapena 20, musauwonongere tsiku la pasi.

Chimene ogula ambiri sadziwa ndi chakuti pasi si mpando. Pa sitima zina pasi yokha siikwanira, muyenera kubukitsa mpando n'kulipira padera. Zili choncho pa Eurostar, pa sitima zothamanga za TGV ku France, Frecciarossa ku Italy ndi AVE ku Spain, ndi pa sitima zonse zogonamo usiku. Frecciarossa imawonjezera ma euro pafupifupi 13 pa ulendo, TGV ya mkati mwa France 10 kapena 20, pamene Eurostar ndi TGV yochoka ku Switzerland kupita ku Paris zimafika 30 kapena kuposerapo. Ku Germany, Switzerland, Austria, Belgium ndi Netherlands sitima zambiri mumangokwera n'kukhala pampando uliwonse umene sunabukitsidwe. Ndiye pasi imapindulitsa kwambiri m'mayiko amenewa, makamaka ku Switzerland kumene matikiti wamba ndi okwera mtengo zedi. Ngakhale kumene sakakamiza, monga pa sitima zothamanga za ICE za ku Germany, makolo anu muwabukitsire mipando. Ndi ma euro 5 kapena 6 okha, ndipo Lachisanu kapena Lamlungu masana anthu amaimirira m'makonde.

Eurostar ndiyo yofunika kuyambira. Mipando ya anthu a pasi ndi yowerengeka pa sitima iliyonse, ndipo imatha msanga pamene ya anthu ogula tikiti wamba ikadalipo. Onani kaye ngati ilipo pa tsiku lanu, bukitsani yopita ndi yobwerera yomwe, zina zonse muzimange pa masiku awiri amenewo. Dziwaninso kuti si sitima zonse zimene zili pa pasi. Italo ku Italy, Ouigo ku France ndi FlixTrain ku Germany sizilandira. Pa siteshoni ya Milano Centrale, Italo ndi Frecciarossa zimaima moyandikana, zonse zofiira, zonse zopita ku Roma. Werengani nambala ya sitima, musangoona kumene ikupita. Sitima zapansi za m'mizinda, matiramu ndi mabasi nazonso sizili pa pasi.

Njira imene ingawayenere, poganizira mawondo a mayi ndi khumbo lawo la ku Roma, ingakhale iyi. Tsiku loyamba Eurostar kuchokera ku London St Pancras kukafika ku Brussels, maola awiri, kenaka ICE kukafika ku Köln, ku Germany, maola ena pafupifupi awiri. Pa gawo lachiwirili sankhani ICE, chifukwa palinso Eurostar yoyenda njira yomweyo imene imafuna ndalama zambiri zobukitsira. Köln ndi malo abwino oyambira chifukwa tchalitchi chachikulu cha mzindawo chili pakhomo penipeni pa siteshoni, mayi sayenda mtunda. Gonani masiku awiri. Tsiku lachiwiri la pasi mupite ku Luzern, ku Switzerland, koma osati pa njanji yothamanga ya ku Frankfurt imene imadutsa m'ngalande zambiri. Sankhani sitima yodzera ku Koblenz ndi Mainz, yotsata mtsinje wa Rhine, mukhale mbali ya kumanzere. Imachedwerapo, koma ola limodzi limenelo la mtsinje, minda ya mpesa ndi nyumba zakale za mafumu pamwamba pa mapiri ndi limene makolo amakalisimba kumudzi. Ku Luzern mugone masiku atatu, mupume m'mbali mwa nyanja.

Kuchoka ku Luzern kupita ku Milano pali njira ziwiri. Sitima yothamanga imalowa m'ngalande ya Gotthard Base Tunnel, yotalika makilomita 57, imene inatsegulidwa mu 2016, ndipo kwa mphindi pafupifupi 20 simuona kanthu. Njanji yakale ya 1882 imakwera phiri modzera ku Göschenen ndi Airolo, ikuzungulira mkati mwa thanthwe, mwakuti tchalitchi chaching'ono cha ku Wassen mumachiona katatu, mbali zosiyanasiyana. Popita dzerani yakaleyi, pobwerera yothamanga. Mugone usiku umodzi ku Milano, m'mawa Frecciarossa ya maola atatu kukafika ku Roma Termini. Ku Roma gonani masiku anayi, ndipo yesetsani kuti mwa masikuwo mukhale Lachitatu kapena Lamlungu, chifukwa Papa akakhala mumzindamo amaonekera kwa anthu ku St Peter's, ku Vatican, Lachitatu m'mawa komanso Lamlungu 12 koloko masana. Pobwerera, Roma kukafika ku Zürich, ku Switzerland, kudzera ku Milano ndi tsiku lalitali kuposa onse, pafupifupi maola 7, choncho nyamukani m'mawa ndipo ku Milano mupume ola lathunthu mudye. Mugone usiku umodzi ku Zürich, kenaka Zürich–Paris, maola anayi, masiku atatu ku Paris, ndi Eurostar yobwerera ku London. Masiku a pasi akwana 7, ogona 14. Ku Italy mwagona masiku asanu, kuposa kwina kulikonse, ndiye viza ya Schengen mudzapempha ya dziko la Italy. Ndalama zobukitsira mipando pa njira yonseyi muyembekezere pafupifupi ma euro 150 munthu mmodzi, kuwonjezera pa mtengo wa pasi. Musanagule, onani mitengo ya matikiti wamba a maulendo 7 amenewa pa masiku anu. Ogula miyezi iwiri kapena itatu pasadakhale nthawi zina amapeza yotsika kuposa pasi. Ubwino wa pasi ndi woti bambo akadzuka thupi silili bwino, ku Germany ndi ku Switzerland mumangokwera sitima yotsatira osataya kanthu, pamene tikiti yotsika mtengo imamangidwa pa sitima imodzi.

Za kalasi yoyamba: ngati thumba lilola, kwa makolo anu ndi ndalama yogwira ntchito. Mipando imakhala itatu pa mzere m'malo mwa inayi, pali malo owongolera bondo, anthu ndi ochepa ndipo poika katundu sipadzaza. Sitima zogonamo usiku, monga Nightjet ya ku Austria, pa ulendo uno ndikanazisiya. Mukazifuna, bukitsani chipinda chokhala ndi mabedi enieni ndipo mutsimikize kuti mayi apeza bedi lapansi, chifukwa lam'mwamba limakwereka ndi makwerero opapatiza sitima ikugwedezeka. Sitima yausiku imadya tsiku limodzi lokha la pasi, lonyamukira, bola musasinthe sitima 12 koloko usiku itadutsa.

Katundu ndi amene amaononga maulendo ambiri a anthu achikulire. Pa sitima palibe wokulandirani chikwama monga pa ndege. Mumakweza nokha, mumatsitsa nokha, ndipo sitima imaima mphindi ziwiri kapena zitatu pa masiteshoni a panjira. Masutikesi aakulu amene abwera nawo kuchokera ku Malawi atsale ku Leeds. Aliyense atenge kasutikesi kamodzi kamateyala kosapitirira makilogalamu 10 kapena 12, ndi kachikwama kam'manja. Zovala za masiku asanu zikwana, muzichapa panjira. Pokwera, mayi ayambe opanda kanthu m'manja atagwira chitsulo cha pakhomo, bambo atsatire, inu mukweze katundu n'kukwera pomaliza. Potsika muyambe inu ndi katundu, kenaka muwagwire dzanja. Kutatsala mphindi zisanu kuti mufike, khalani mutaima kale pakhomo. Sitima zambiri za TGV ndi zosanja, choncho pobukitsa sankhani chipinda chapansi. Ku France amafuna kuti chikwama chilichonse chikhale ndi dzina la mwini wake, ndipo amatseka zitseko kutatsala mphindi ziwiri.

Posintha sitima, ndandanda ya pa intaneti imakupatsani mphindi 6 kapena 8, poganiza kuti ndinu munthu wothamanga wodziwa siteshoni. Inu musinthe pamene pali nthawi yosinthira, muike mphindi 30, ndipo ku Germany ngakhale 45 chifukwa sitima za mitunda italiitali kumeneko zimachedwa kawirikawiri. Ku Switzerland mukaphonya imodzi musadandaule, ina imabwera pakatha theka la ola kapena ola. Eurostar ndi yosiyana ndi zonse: mapasipoti ndi katundu amaziona musanakwere, choncho fikani kutatsala ola limodzi ndi theka. Ku Paris sitima ya ku Zürich imafikira ku Gare de Lyon pamene Eurostar imanyamukira ku Gare du Nord. Ndi mayi a mawondo otere, tengani takisi pamzere wa matakisi wa pasiteshoni, musatsike nawo m'sitima zapansi za ku Paris, zimene masiteshoni ake ambiri ndi a masitepe okhaokha.

Chithandizo cha pasiteshoni chilipo, chaulere, ndipo anthu athu ambiri sachipempha chifukwa amaganiza kuti ndi cha anthu a pa njinga ya olumala okha. Ndi cha aliyense wovutika kuyenda. Wantchito amakudikirirani, amakuperekezani pa chikepe, amakukwezani pa bogi yoyenera, ndipo mnzake amakulandirani kotsikira. Ku Britain chimatchedwa Passenger Assist, ku France Assist'enGare, ku Italy Sala Blu. M'mayiko a European Union lamulo ndi loti mudziwitse kutatsala maola 24. Pemphani makamaka pa masiteshoni aakulu monga Brussels, Milano Centrale ndi Roma Termini, kumene mapulatifomu ndi aatali mwakuti kuchoka pachipata kukafika pa bogi yomaliza ndi ulendo pawokha.

Mapasi ambiri masiku ano amakhala pafoni, mu pulogalamu ya Rail Planner. Mukagula amakutumizirani nambala pa imelo. Mumailowetsa mu pulogalamuyo limodzi ndi dzina la bambo monga lilili m'pasipoti, kenaka nambala ya pasipoti ndi tsiku loyambira. Pasi iyenera kuyamba kugwira ntchito pasanathe miyezi 11 chigulireni. Cholakwika chofala ndi ichi: kubukitsa mpando ndi kulowetsa ulendo mu pasi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Sitima iliyonse muyenera kuisaka mu pulogalamuyo, kuiika pa ulendo wanu n'kuiyatsa musanakwere, kuti ioneke pansi pa QR code imene kondakitala amaona. Mukaiwala amakuonani ngati munthu wopanda tikiti ndipo akhoza kukulipiritsani chindapusa. Mapasi atatu akhoza kukhala pafoni imodzi, koma foniyo ikazima kapena kubedwa nonse mwasowa tikiti, ndipo chitseko chikatsekeka wina atatsala panja, amene alibe foniyo alibe chosonyeza. Ndi bwino mapasi a makolo akhale pafoni ya mmodzi wa iwo, yanu pafoni yanu, ndipo usiku uliwonse mukonzeretu za mawa pa intaneti ya kuhotela. Tengani pawabanki. Mapulagi a ku Malawi ndi ofanana ndi a ku Britain, a mano atatu aja, koma mukangooloka nyanja kuchoka ku Britain salowanso. Gulani adaputa ya mano awiri ozungulira oonda, imene imalowa ku Germany, France, Switzerland ndi Italy komwe. Onaninso ngati kampani ya foni yanu imawerengera Switzerland pamodzi ndi mayiko ena, chifukwa ambiri amalipiritsa padera.

Aphunzitseni bambo ndi mayi mawu ochepa a pa zikwangwani. Pulatifomu ku Germany ndi ku Luzern ndi Gleis, ku Italy binario, ku France voie. Hbf ndi siteshoni yaikulu ya mzinda. Bruxelles-Midi ndi Brussel-Zuid ndi siteshoni imodzi yomweyo m'zilankhulo ziwiri. Aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembedwa nambala yanu ya foni ndi dzina la hotela ya usiku umenewo, ndipo mugwirizane kuti wotsala pa pulatifomu aime pomwepo osasuntha, okwera atsike pa siteshoni yotsatira n'kubwerera. Mapasipoti ndi ndalama zikhale mkati mwa zovala, chifukwa akuba a m'matumba amakonda nthawi yokwera pamene anthu akukankhana ndipo manja onse ali pa katundu.

Za bambo. Mankhwala atenge okwanira ulendo wonse ndi ena a mlungu umodzi owonjezera, m'mabokosi ake enieni, ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi yolemba mayina a mankhwalawo ndi mlingo wake. Akhale m'kachikwama kam'manja, osati m'sutikesi imene ili pa shelefu kumapeto kwa bogi. Ngati amabaya insulin, isakhale padzuwa pawindo. Musadalire kuti m'sitima mupeza chakudya, chifukwa si zonse zili ndi bogi yogulitsira, ndipo nthawi zina imakhala yotseka. Gulani buledi, zipatso ndi madzi pasiteshoni musanakwere, ndi maswiti kapena kabotolo ka juwisi ka pamene shuga watsika. Madzi a pampopi wa m'chimbudzi cha sitima si akumwa. Ola lililonse onse awiri aimirire ayendeko m'khonde kuti miyendo isatupe. Ku Luzern mudzakopeka ndi maulendo okwera mapiri. Rigi ndi phiri labwino kwa iwo, koma malo ngati Jungfraujoch, mamita 3,454 pamwamba pa nyanja, amabanikitsa, ndipo munthu wa BP kapena wa mtima afunse kaye dokotala. Pasi pa njanji zambiri za m'mapirimo imangochotsera mtengo, siilipira zonse. Nambala ya ngozi m'mayiko onsewa ndi 112.

Nyengo yabwino ndi Meyi, kumayambiriro kwa Juni, kapena Seputembala. Julayi ndi Ogasiti ku Roma kumatentha kwambiri, mizere imakhala yaitali ndipo mipando ya pasi imatha msanga. M'miyezi yonseyi nthawi ya ku Germany, Switzerland, Italy ndi France imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, pamene Britain imatsalira ndi ola limodzi. Bambo akasiya wotchi yawo pa nthawi ya ku Zomba, kuyambira ku Brussels mpaka ku Paris adzamwa mankhwala pa ola lomwe anazolowera.